Gravata si cravat: mawu a zovala za m'khosi amene amatisokoneza ku Tsangano ndi ku Macanga

FURANCUNGO — Zaka zingapo zapitazo muphwa wanga anamanga ukwati kuno ku Furancungo, ndipo ine monga mtsibweni wake ndinapatsidwa udindo woona zovala za mkwati ndi aperekezi ake asanu. Masuti tinawapeza ku Tete, nsapato aliyense anadzipezera, koma panatsala matayi. Mkwatibwi anafuna kuti onse asanu ndi mmodzi avale matayi ofanana, amtundu wofiirira, ndipo oterowo sitinawaone m'sitolo iliyonse imene tinalowa.

Ndinakumbuka mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Pofuna kumchepetsera ntchito ndinalemba uthenga wanga m'Chingerezi, kuti iye angokauonetsa kwa mwini sitolo. Ine ndinaphunzira sukulu m'Chipwitikizi, ndipo chovalachi ndimachidziwa kuti ndi gravata. Ndinali nditamvapo kuti Angerezi ali ndi liwu lakuti cravat, motero mumtima mwanga ndinati awa ndi mawu amodzi, kusiyana kwake ndi katchulidwe chabe. Ndinalemba kuti ndikufuna ma cravat asanu ndi limodzi. Alamuwo sanafunse kanthu, pakuti anaganiza kuti munthu wophunzira adziwa chimene akunena.

Katundu anafika ku Tete pa basi yopita ku Blantyre kutatsala masiku asanu kuti ukwati uchitike. Titamasula phukusi tinapeza tinsalu tisanu ndi kamodzi, tofewa, totakata kunsonga, tokongola ndithu ndiponso tofiirira monga tinanenera, koma panalibe ndi mmodzi yemwe pakati pathu wodziwa kamangidwe kake. Ndalama zinali zitapita kale. Aperekezi aja analowa m'tchalitchi atavala matayi a pa kalamidade, wina yabuluu, wina yamizeremizere, ndipo mpaka lero mlongo wanga akafuna kundiseka amangondifunsa ngati ndalemberanso kalata ku Joni.

Ndikufotokoza nkhaniyi chifukwa vuto lotere silikhala la munthu mmodzi m'dera lathu lino. Anthu a ku Tsangano ndi ku Macanga amakhala pakati pa zinenero zitatu. Pakhomo timayankhula Chichewa, chimene ena amachitcha Chinyanja. Ku sukulu, ku chipatala ndi ku ofesi ya Administrador ndi Chipwitikizi. Koma ukangowoloka msewu wa tala pa Biriwiri, msewu umene pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire enieni a maiko awiriwa, wafika kale kumene zikwangwani zimalembedwa m'Chingerezi. Pa nthawi ya nkhondo anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'maboma ano a m'malire. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwerera pakati pa 1993 ndi 1995 ali ndi ana amene anali atazolowera kumva Chingerezi. Mu 1995 momwemo Moçambique analowa m'bungwe la Commonwealth. Tisanafike n'komwe pamenepo, makolo athu anali atatha zaka zambiri akuyenda pansi kupita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Wankie, ndipo pobwerako ankabwera ndi jekete, chipewa ndi tayi, pamodzi ndi maina ake.

N'chifukwa chake pa zovala za m'khosi m'kamwa mwathu muli mawu a mbali zonse. Timati tayi, sikafu ndi kolala, mawu ochokera kwa Angerezi. Timati duku, liwu limene linachokera ku doek la Mabunu. Ophunzira amati gravata, lenço ndi cachecol. Pamene mawuwa akusiyana kwambiri palibe amene amasokonezeka. Msampha uli pa mawu amene amamveka mofanana m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi koma akunena zinthu ziwiri.

Asilikali a ku Croatia

Kulakwa kwanga kuja kunali ndi maziko ake, pakuti gravata ndi cravat ndi ana a mayi mmodzi. Pa nkhondo yaikulu imene inamenyedwa ku Ulaya kuyambira 1618 mpaka 1648, mfumu ya ku France inalemba ganyu asilikali okwera pa akavalo ochokera ku Croatia. Asilikaliwa anali ndi chizolowezi chomanga kansalu m'khosi. Anthu a ku Paris anakakonda kansaluko, nakatcha cravate, kuchokera ku dzina la mtundu wa eni ake. Mfumu Louis XIV atayamba kuvala, olemera onse anatsatira, ndipo kavalidweka kanafalikira ku England, ku Portugal ndi kwina. Anthu a ku Croatia amanyadira mbiriyi mpaka lero, kotero kuti tsiku la 18 Okutobala analipatula kukhala lokumbukira chovalachi.

Chimene chinachitika pambuyo pake ndicho chinandipusitsa. Kwa zaka mazana awiri kansalu kaja kankasinthasintha, mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kanasanduka chingwe chachitali chopapatiza cholendewera pachifuwa. Apwitikizi ndi Afalansa anasunga dzina lakale pa chovala chatsopanocho. Angerezi anachipatsa dzina lina, necktie, kunena chomanga m'khosi, ndipo pofupikitsa amangoti tie, kumene kunachokera tayi yathu. Dzina lakuti cravat analisiyira chovala chachikale chija, nsalu yotakata imene imamangidwa mosathina, kawirikawiri m'kati mwa malaya osamanga batani lapamwamba, n'kumaonekera pang'ono pakhosi. Motero wofuna gravata m'sitolo ya ku Johannesburg kapena ku Lilongwe anene kuti tie. Akanena kuti cravat ampatsa zimene anandipatsa ine.

Pali liwu linanso, ascot, limene limanena chovala choyandikana kwambiri ndi cravat. Linatengedwa ku dzina la bwalo la mpikisano wa akavalo la Ascot ku England, kumene anthu olemera ankavala nsalu yotere ataibaya ndi phini. Anthu a ku America amakonda kunena ascot pamene a ku England angati cravat.

Tayi yeniyeni imene tikuidziwa lero inakhazikika m'zaka za m'ma 1920, pamene telala wina wa ku New York, Jesse Langsdorf, anapeza njira yodula nsalu mopingasa, m'zidutswa zitatu zolumikiza, kuti tayi izigwa mowongoka popanda kupotoka. Ogula pa kalamidade angayese okha: gwirani tayi kunsonga yopapatiza n'kuilendewetsa. Ikazungulira ngati chingwe ndiye kuti inadulidwa molakwika ndipo idzakuvutani pachifuwa. Yabwino imakhala yotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo ikamangidwa nsonga yake iyenera kufika pa lamba, osati pamchombo monga timaonera kwa ana a sukulu ena.

Mphwake wa tayi ndi bow tie, kaja komangidwa ngati gulugufe pansi pa chibwano, kamene Apwitikizi amati laço. Apa pali msampha wina kwa anyamata athu amene amagwira ntchito m'mahotela a ku Tete kapena amaitanidwa ku maphwando a makampani a migodi ku Moatize. Kalata yoitanira ikanena kuti black tie, sikunena tayi yaitali yakuda. Ikunena suti yakuda yamadzulo, malaya oyera ndi kagulugufe kakuda. Tayi yaitali yakuda kwa Angerezi ndi ya pamaliro.

Kuzizira kwa ku Tsangano

Munthu amene sanagonepo ku Tsangano kapena ku Ntengo-wa-Mbalame m'mwezi wa Juni ndi Julaye sangamvetse kufunika kwa sikafu. Dzikoli ndi lokwera, tirigu ndi mbatata ya kachewere zimakonda nyengo yake, koma m'mawa nkhungu imakuta zitunda, mphepo n'kumalowa m'mafupa. Amayi opita ku msika usiku-usiku, anyamata a njinga zamoto, alonda ndi ana oyenda mtunda wautali kupita ku sukulu, onsewa chimene amafuna m'khosi si tayi ayi.

Kwa ife sikafu ndi chinthu chimodzi chodziwika: yaitali, yolukidwa ndi ulusi wokhuthala, yozunguliza m'khosi pofuna kufunda. Chipwitikizi chimagwirizana nafe, chimaitcha cachecol, liwu lochokera ku Chifalansa lotanthauza chobisa khosi. Koma kwa Mngerezi liwu lakuti scarf ndi lotakata ngati dengu. Muli sikafu yathu yofunda ija, mulinso kansalu kopyapyala kambali zinayi kamene amayi a m'tauni amamanga m'khosi pofuna kutchena, ndiponso muli duku, limene akafuna kulisiyanitsa amati headscarf. Zimene Mngerezi waziika m'dengu limodzi, Mpwitikizi amazigawa pawiri, cachecol ndi lenço. Koma lenço nalonso ndi dengu lina, pakuti muli duku, muli kansalu ka m'khosi, muli ndi kopukutira thukuta ndi mamina. Mpango wathu uli pafupi ndi lenço kuposa scarf. Liwu la Chipwitikizili linayenda kutali, mpaka a Chiswahili a ku gombe analitenga n'kumati leso.

Wina anganene kuti awa ndi masewera a aphunzitsi. Afunseni amalonda a zovala zakale. Zovalazi kuno timati kalamidade, dzina limene linatsalira m'zaka za m'ma 1980 pamene thandizo la zovala linkabwera kudzera ku nthambi ya boma yoona za ngozi zachilengedwe, ndipo kutsidya amati kaunjika. Zimafika zitapanikizidwa m'mabelo, ambiri a makilogalamu 45, ndipo pepala lomatidwa pamwamba nthawi zambiri limakhala la m'Chingerezi. Belo silimasulidwa usanalipire. Mayi wa ku Tsangano amene wasonkha ndalama zake zonse za mbatata kuti agule belo lolembedwa kuti scarves, akuyembekeza masikafu ofunda ogulitsa m'nyengo yozizira, angathe kupezamo tinsalu topyapyala tochuluka, ndipo wogulitsayo sananame, pakuti m'chinenero chake zonsezo ndi dzina limodzi. Chomuteteza ndi kufunsa asanapereke ndalama ngati zili m'katimo ndi za nyengo yozizira, ndi kuyang'ana papepala mawu akuti winter, wool kapena knitted, kunena zachisanu, zaubweya kapena zolukidwa.

Pali liwu lachikale limene limanena sikafu yofunda yokhayokha, lakuti muffler. Koma muchenjere nalo, chifukwa kwa anthu a ku America liwu lomwelo ndi dzina la chitsulo chochepetsa phokoso pa paipi ya utsi ya galimoto. Shawl ndi nsalu yaikulu yofunda m'mapewa, imene Apwitikizi amati xaile, ndipo apa zinenero ziwirizi zikugwirizana, pakuti zonse zinabwereka ku Persia. Amayi athu ntchito imeneyi amaigwira ndi chitenje chachiwiri kapena ndi kabulangete ka mwana. Neckerchief ndi kansalu kamakona atatu komwe amavala ana a Scout, gulu limene Robert Baden-Powell analiyamba mu 1907. Bandana ndi kansalu kamaluwamaluwa kamene anyamata amamanga kumutu kapena kutseka nako fumbi kukamwa, ndipo dzinali linachokera ku India.

Ndisanachoke pa sikafu ndinene mawu amodzi kwa a njinga zamoto ndi amene amakwezedwa kumbuyo. Nsonga yolendewera imatha kukodwa m'gudumu. Mu 1927 ku Nice, dziko la France, mayi wotchuka pa zovina, Isadora Duncan, anafa nthawi yomweyo pamene sikafu yake yaitali inakulungika m'gudumu la galimoto imene anakwera. Nsonga ziwiri zonse muzizilowetsa m'jekete. Chimodzimodzi amene amagwira ntchito pafupi ndi lamba wa chigayo.

Kolala ndi mkanda

Msampha woopsa kuposa wanga uja uli pa collar ndi colar, mawu osiyana ndi chilembo chimodzi chokha. Onse awiri anachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza khosi. Koma colar wa Mpwitikizi ndi mkanda, chovala chokongoletsa chimene mnyamata amagulira bwenzi lake, ndipo Mngerezi amachitcha necklace. Collar ya Mngerezi ndi kolala ya malaya, imene Mpwitikizi amati colarinho kapena gola. Komanso liwu lomwelo la collar limanena lamba wa m'khosi mwa galu. Taganizani za mnyamata wa ku Chidzolomondo amene wagulitsa fodya wake, wafika m'sitolo ku Lilongwe, nanena molimba mtima kuti akufuna collar yabwino ya chibwenzi chake.

Kolala yoyera ya abusa ndi ansembe Angerezi amaitcha clerical collar, ndipo moseka amatinso dog collar, popanda cholinga chonyoza. Chipwitikizi chili ndi dzina lakelake, cabeção. Pa chinthu chimodzi chokha kolala ya zinenero ziwirizi imayendera limodzi: Angerezi akati white collar akunena ogwira ntchito ya muofesi, ndipo Apwitikizi akati crime de colarinho branco akunena kuba kwa anthu omwewo, kuba ndi cholembera osati ndi chikwanje.

M'matchalitchi mulinso chovala china cha m'khosi. Amene amapemphera ku mishoni ya Fonte Boa, imene ansembe a Chijezwiti anaitsegula mu 1945 m'dera la Tsangano, amadziwa nsalu yaitali imene wansembe amaikoleka m'khosi n'kugwera mbali zonse ziwiri kutsogolo. Apwitikizi amati estola, Angerezi stole. Mtundu wake umasintha ndi nyengo ya mpingo, yobiriwira m'masabata wamba, yoyera pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, yofiira pa Pentekoste. Dikoni amaivala mopingasa, kuchokera paphewa lamanzere. Kuitcha sikafu pamaso pa abambo mfumu si tchimo, koma akuyang'anani.

Tikafika pa mikanda Chingerezi ndi Chipwitikizi ndi zimene zimasowa mawu. Necklace ndi colar ndi maina a chokongoletsa basi. Ife tisanadziwe tayi khosi linkanena zambiri. Mikanda ya amayi a Chingoni pa gule wa ngoma ili ndi kalukidwe kake, kachingwe kamankhwala ka m'khosi mwa khanda kali ndi ntchito yake, ndipo mphande, chigoba choyera chozungulira chochokera ku nyanja yamchere, inali ya mafumu ndi anthu olemekezeka. David Livingstone analemba kuti mu 1854 mfumu Shinte ya Alunda inamuveka chigoba chotere m'khosi monga mphatso ya mtengo wapatali. M'dziko la Makanga, limene banja la Pereira linalilamulira mpaka Apwitikizi atagonjetsa Chinsinga mu 1902, khosi la munthu linkadziwanso goli la ukapolo. Zonsezi n'za m'khosi, ndipo palibe mwana wa kuno amene angasokoneze mphande ndi goli.

Ulemu wa tayi

Ine chimene chimandidabwitsa n'chakuti pa zovala zonsezi chopanda ntchito kwambiri ndicho chimene timachilemekeza koposa. Tayi sifunditsa, sitchinga dzuwa, sipukuta thukuta. Komabe mlimi wofika pa ofesi atavala sikafu amauzidwa kuti adikire pabenchi, pamene wa tayi amafunsidwa kuti tikuthandizeni chiyani bwana. Zimenezi zinachokera kutali. M'nthawi ya atsamunda, lamulo losiyanitsa indígena ndi assimilado lisanathetsedwe mu 1961, munthu wakuda wofuna kuwerengedwa ngati nzika ankayenera kuonetsa kuti wasiya makhalidwe a makolo ake, ndipo jekete ndi gravata zinali mbali ya umboni umene anthu ankauona ndi maso.

Maiko athu atalandira ufulu atsogoleri sanagwirizane pa nkhaniyi. Dr. Kamuzu Banda ku Malawi sankaoneka pagulu wopanda suti, tayi ndi chipewa, ndipo ogwira ntchito m'boma lake anatengera momwemo. Kenneth Kaunda ku Zambia anasankha suti yake yosafuna tayi imene mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Mobutu ku Zaire anapitirira apo: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 analetsa suti ndi tayi, nalamula chovala chotchedwa abacost, ndipo chiletsocho chinatha mu 1990. Chodabwitsa n'chakuti ovala abacost ambiri ankamanga kansalu m'khosi m'kati mwa malaya, ndiye kuti anathamangitsa tie n'kulandira cravat. Kuno kwathu m'zaka zoyamba za ufulu akuluakulu ambiri a boma ankavala balalaica, malaya amatumba anayi osalowetsa m'buluku. Pambuyo pake gravata inabwerera mwakachetechete, ndipo lero mnyamata wokafunsira ntchito ku banki kapena ku kampani ya fodya amabwereka tayi kwa mnzake ngakhale kutenthe bwanji.

Sindikunena kuti tiitaye. Ndikunena kuti aphunzitsi a Chingerezi m'masekondale athu, pophunzitsa maina a zovala, asamangolemba mndandanda wa liwu ili ndi liwu ilo pabolodi. Mwana wa kuno amafika m'kalasi akudziwa kale tayi, sikafu ndi kolala kuchokera kwa agogo ake, ndiye kuti Chichewa chake chili pafupi ndi Chingerezi kuposa Chipwitikizi chimene akudutsiramo. Mwana amene wauzidwa kuti tie ndi tayi sangalakwe. Amene walakwa ndi ine, amene ndinasiya liwu la pakhomo n'kukazungulira ku Lisboa. Ndipo kuphunzitsa poyambira pa chinenero cha mwana si chachilendo m'chigawo chino, pakuti kuyesa koyamba kophunzitsa m'zinenero ziwiri, pakati pa 1993 ndi 1997, kunachitikira ku Tete m'Chinyanja ndi ku Gaza m'Chichangana.

Tinsalu tija sitinatayike tonse. Madzulo a tsiku la ukwati, anthu akudya, ndinatitulutsa kuti abale aone chimene chinadya ndalama zawo. Panali agogo ena a kuchimuna, mchona wakale amene unyamata wake wonse anathera ku Salisbury akuperekera zakudya m'hotela. Anatenga kamodzi, nakayang'ana mbali zonse, namasula batani lapamwamba la malaya awo. Zala zinali zonjenjemera koma sizinaiwale: anakazunguliza m'khosi, napingasa nsonga yaitali pamwamba pa inzake, naitulutsira kumtunda, naigwetsa kutsogolo n'kuilowetsa m'malaya. Anatiuza kuti azungu a kumeneko ankavala motero Loweruka madzulo, ndipo kuti iwo pa zaka zonsezo sanaloledwe kuvala china koma kagulugufe kakuda ka operekera zakudya. Tinawapatsa tiwiri. Anavala kamodzi Lamulungu lililonse mpaka pamene anatisiya, ndipo kenako ana awo anawaveka kenako pa ulendo wotsiriza. Tinayi totsala tili m'sutikesi kwa mlongo wanga.